Atelala Akuvutika Pang'ono

Nde Atelala analowa mu ofesi ya zanyumba atatchena suti yamizeremizere, tayi yofiira, kampango kakusuzumira pathumba, pomwe banja lawo lonse la anthu seveni linali likugona mu kashopu kosokeramo chigwereni nyumba yawo ndi mvula kkkk. Pa nyumba zopatsa mabanja osowa pokhala panali patangotsala imodzi yokha basi, mwini shopu anali atanena kale kuti pofika Lachisanu onse atuluke akufuna kuikamo mafiliji, ndipo akazi awo powaperekeza anangoti, "Mukakayamba matama anu aja kumeneko, musabwerenso kuno."

Kuseri kwa desiki kunali kalaliki, mtsikana wamagalasi, rula kudzanja ili, bolopeni yomangirira chingwe kudzanja ilo. Chitseko chinali chotsegula, panja pabenchi anthu ali ndii kudikira, makutu onse mkati.

"Muli bwanji bambo?"

"Ndili bwino kwambiri mwana wanga, kaya inu."

Kalaliki anawerama nkuyamba kulemba.

"Mukulemba chani?"

"Kuti muli bwino kwambiri."

"Aaa iyayi, amenewo ndi moni chabe."

"Ndi funso loyamba pafomu." Anatembenuza pepala nkuloza ndi rula. "Onani. Wani. Muli bwanji."

"Nanga munthu akakupatsa moni umayankha kuti chani?"

"Ndiye simuli bwino?"

Atelala anacheuka. Pabenchi paja panali anthu atatu oti anawasokerapo zovala, mayi wina mpaka atavala siketi yobiriwira yomwe iwo anaika zipi mwezi watha. Anakonza tayi.

"Tangopitirizani."

"Chabwino. Kuyambira apa funso lililonse lili ndi mabokosi atatu oonetsa kukula kwa vuto. AYI ndi ziro. PANG'ONO ndi wani. KWAMBIRI ndi faifi. Banja lomwe lapeza malikisi ambiri ndi lomwe likuvutikitsitsa, ndiye kiyi ndi wawo. Folo koloko ndipereka fayilo kwa abwana. Ine ndimachonga zomwe mwanena, sindionjezera, sindichotsera."

"Zabwino zimenezo. Ine ndimakonda anthu a dongosolo."

Tsono apa pakufunika mumvetse. Pang'ono wa Atelala si pang'ono wamba ayi. Tsiku lina singano ya mashini inalowa pachikhadabo nkutulukira kuseri kwa chala, iwo anati yandikanda pang'ono. Munthu wamkulu akati ndikudwala pang'ono aliyense amadziwa kuti thamangani mukapeze galimoto. Aliyense eti, kupatula kalaliki ameneyu.

"Thuu. Nyumba yomwe mumakhala inaonongeka?"

"Pang'ono."

Bolopeni tsee, pabokosi lapakati.

"Dikirani kaye! Simufunsa kuti inaonongeka chani?"

"Inaonongeka chani?"

"Khoma."

"Limodzi?"

"Limodzi ndi lomwe linayamba. Enawo anangotsatira mnzawo."

"Denga?"

"Denga lilipo."

"Lili bwino?"

"Bwinobwino! Silinabooke olo pamodzi. Lili kwa aneba."

"Munabwereketsa?"

"Linapita lokha."

Kalaliki analemba pang'onopang'ono uku akutchula. "Denga... lilipo. Chitseko?"

"Haa, chitseko nde simunganene. Chinatsala chili chiimire chokhachokha pakati pa matope. Ndinachikhoma ndi loko, kiyi ndi uyu."

"Nyumba... ndi yokhoma... bwino."

Atelala anabweza kiyi uja m'thumba. Mumtima ankati mwanayu akungonamizira, wamva, palibe munthu wopita kusukulu mpaka kuvala magalasi amene sangamve kuti denga likakhala kwa aneba ndiye kuti zinthu zavuta.

"Fili. Muli ndi pogona?"

"Tili napo. Kushopu."

"Mumapanikizana?"

"Pang'ono."

Tsee.

"Anthu seveni mu kashopu?" anafunsa kalaliki, akuona mzere wa mayina.

Apa nde Atelala anakhala bwino pampando, mwendo pamwamba pa unzake, chifukwa nkhani inafika pa luso lawo.

"Mwana wanga, ine ndine telala. Nsalu ikachepa sulira, umangodziwa madulidwe. Ndinawayeza onse ndi tepi nkujambula pansi ndi choko, aliyense malo ake. Mtsikana wamkulu kukhoma. Mnyamata wamtali uja chopingasa, kuchokera pakona mpaka pakhomo, mapazi amatsala panja koma timawaveka masokosi. Mapasa pansi pa mashini, wina mutu uku wina mutu uko ngati manja a shati. Mayi awo pamulu wa zidutswa. Apongozi patebulo lodulira."

"Inuyo?"

"Ine ndimaima pambali pa chidole chovekera zovala chija. Tinazolowerana."

"Mumagona choimirira?"

"Zimawongola msana."

"Wina akafuna kutembenuka?"

"Amakweza dzanja, tonse timatembenukira limodzi."

"Ndiye malo akukwana."

"Kukwana kokha? Panatsala kachidutswa pakona, tinaikapo ndowa!"

"Malo... otsala... alipo."

"Eee? Iyayi, sindinatanthauze..."

"Ndowayo palibe?"

"Ilipo."

"Ndiye ndalemba zoona."

Atelala anaona kuti mawu akuwathawa, nde anaganiza zolankhula ndi nkhope. Anawerama, nkutsinzinira kalaliki diso limodzi, kamodzi, kawiri, mutu ukuloza bokosi la KWAMBIRI.

"Diso likuvuta bambo?"

"Ayi."

"Folo. Pali wolumala kapena wovutika kuona? Mwati ayi." Tsee. "Ziro."

"Mxii."

"Faifi. Pabanjapo pali wodwala?"

"Apongozi akutsokomola pang'ono."

"Chiyambireni liti?"

"Chigwereni nyumba. Akatsokomola mabatani amagwa pashelefu. Koma timatola."

Tsee, pakati pomwe paja.

"Sikisi. Pomwe mukukhalapo pali amene akukuthamangitsani?"

"Kundithamangitsa INE?" Anatembenukira kuchitseko kuti a pabenchi amve bwino. "Palibe munthu anandithamangitsapo chibadwireni. Mwini shopu anangondipempha mwaulemu kuti pofika Lachisanu ndikhale nditachoka, ine ndi mashini anga ndi mtundu wanga wonse."

"Ponena zimenezo munathamanga?"

"Ndithamange chifukwa chani? Ndinali chikhalire, ndikusoka kolala."

"Iwo anathamanga?"

"Ndi mimba imene ija?"

"Ndiye palibe wathamanga." Tsee. "Ziro."

Pabenchi wina anaseka nkunamizira kutsokomola kkkk. Kalaliki anaika rula pansi pa mabokosi, nkuwerenga ndi chala, nkutsegula fayilo yaikulu.

"Mwapeza malikisi atatu. Muli nambala fote wani pa mabanja fote thuu."

"Ndiye pali wina amene ndamuposa!"

"Ameneyo analowa kudzafunsa kuchimbudzi. Ndinangomulemba poti anali atakhala kale pampando."

"Nanga nambala wani ndi ndani?"

"Bambo ena anabwera dzulo pagalimoto yawo. Anayankha kwambiri paliponse. Ndinawafunsa ngati ali oyembekezera, anati kwambiri."

"Ndipo munachonga?"

"Ananena okha."

Apa thukuta linayamba kutsika mkati mwa jekete. Atelala anaona Lachisanu likubwera, mafiliji akulowa, mashini ali pamsewu, apongozi ali patebulo lodulira pakati pa anthu odutsa. Wotchi yapakhoma inali itadutsa kale hafu fili. Anakokera mpando pafupi nkutsitsa mawu.

"Mwana wanga, tamverani. A pang'ono alipo awiri."

"Bokosi ndi limodzi."

"Pali pang'ono." Anaonetsa ndi zala ziwiri. "Ndiye pali pang'oooono." Anatambasula manja onse mpaka kugunda kalendala.

"Onse amalembedwa chimodzimodzi."

"Koma samveka chimodzimodzi! Ine ndimanena wachiwiriyo."

"Ndichonge pati?"

"Pomwepo, koma mwamphamvu."

Kalaliki anadinikiza bolopeni mpaka pepala kubooka. Anakweza fomu nkusuzumira Atelala pachibowocho.

"Ikadali wani."

"Chabwino. Mwati pang'ono ndi wani, kwambiri ndi faifi eti? Ndiye mverani. Pang'ono, pang'ono, pang'ono, pang'ono, pang'ono. Wonkhetsani."

"Funso limodzi yankho limodzi."

"Amayo ine."

"Bambo, ingonenani kuti kwambiri. Ndi mawu amodzi."

"Mawu amenewo ine ndimatchula pothokoza basi. Zikomo kwambiri. Kwinako ayi. Bambo wa ana anayi, wa mashini akeake, akhale pa ofesi nkumati ndikuvutika chakuti? Mawa ndani adzabweretse nsalu yake kwa telala wolira?"

"Ndiye mukhala fote wani."

"Tatsekani kaye chitsekocho."

"Lamulo likuti chizikhala chotsegula."

"Pang'ono pokha."

Kalaliki anadzuka, nkukankha chitseko ndi chala, mwina kutalika kwa batani limodzi, nkubwerera kudzakhala. Makosi a pabenchi anangosendera kutsogolo.

Atelala anapumira m'mwamba. Anagwira m'mphepete mwa desiki ndi manja awiri ngati munthu woti akumuzula dzino.

"Funsaninso lachitatu lija."

"Mumapanikizana?"

"Kwa..."

"Kwa ndani? Mukukhala kwa abale?"

"Musandidule! Kwa... mbi..."

Bolopeni inali itafika kale pamwamba pa bokosi lachitatu. Mayi wa siketi yobiriwira anali ataima nkuima, dzanja pakamwa. Atelala anamuona.

"Kwa... mbiri yanga yonse ya utelala, palibe anandionapo ndikudandaula!"

"Mwati kwambiri?"

"Ndati kwa mbiri. Pali mpata pakati."

"Mpatawo ndi waukulu bwanji?"

"Ulipo ndithu."

Bolopeni inabwerera. Pabenchi anthu onse anati aaaaa ngati mpira wagunda chitsulo kkkkk.

Pompo foni inalira m'thumba la jekete. Akazi awo. Atelala anayankha atatembenukira kukhoma.

"Eya mayi... ndili momwemo... zikuyenda pang'ono."

Tsono mayiwo pang'ono wa amuna awo amamudziwa bwino, akhala naye zaka makumi awiri. Zomwe zinatuluka mufonimo zinamveka mpaka kubenchi, Atelala anachita kuitalikitsa kukhutu nkuidula mwaulemu. Anapukuta nkhope ndi kampango kaja.

"Musawadandaule," anatero akuseka chouma. "Azimayi akunyumbawa sapirira ngati ife. Iwowo nde akuvutika kwambiri. Msana ukuwapweteka, mapazi atupa, kukacha amangoti..."

Tsee!

"Mwachonga chani?"

"Kwambiri."

"Ine sindinanene!"

"Mwati akuvutika kwambiri."

"Ndanena za iwowo, osati ine."

Kalaliki anaika rula pamwamba penipeni pa fomu. "Werengani apa."

"Fomu... ya... banja."

"Banja ndi anthu seveni. Inu ndinu mmodzi."

Atelala anayang'ana pepala, anayang'ana kudenga, anayang'ananso pepala.

"Ndiye kuti ndikanena za iwowo, si ine ndikudandaula?"

"Mukungopereka umboni."

"Umboni!" Anamasula batani la jekete. "Bwanji osanena kale? Ine pa umboni nde palibe angandipose. Bwererani pamwamba!"

Kalaliki anatenga fomu yatsopano poti ija inali yobooka.

"Nyumba yomwe akazi anu amakhala inaonongeka?"

"Kwambiri! Palibe chatsala! Mayi amene aja alibe olo poika sipuni!"

"Ana anu amapanikizana?"

"Kwambiri! Mnyamata uja mapazi ake amagona kunja ngati si athu. Mapasa akadzuka amagunda mitu ku mashini, panopa ali ndi zotupa zofanana, tikulephera kuwasiyanitsanso."

"Apongozi akudwala?"

"Kwambiri kwabasi! Chongani kawiri!"

"Funso limodzi yankho limodzi."

"Ndiye chongani mokongola."

"Pali amene akuthamangitsa banja lanu?"

"Lachisanu! Ndi mafiliji! Ana anga aziti akachoka kusukulu azikalowa kuti, mu filiji?"

"Ndichonge pati?"

"Mukufunsanso? KWAMBIRI!"

Tsee tsee tsee, bolopeni mpaka chingwe kukoka. Atelala anali ataimirira tsopano, tayi ili paphewa, akuloza bokosi lililonse asanafunsidwe nkomwe.

"Funso lomaliza. Pali chosowa china chomwe fomuyi sinafunse?"

Apa Atelala anakhala pansi. Anatola kaulusi pabondo la thalauza, kaulusi koti panalibe nkomwe.

"Mtsikana wanga uja ndi wamkulu tsopano," anatero motsitsa. "Povala yunifolomu m'mawa mayi ake amamugwirira nsalu, ife amuna timatuluka kukaima panja ngati tikuona nyengo. Sananenepo kanthu. Dzana anangondifunsa kuti, ababa, nyumba za ku ofesiko zimakhala ndi chitseko chamkati?"

Kalaliki anasiya rula padesiki.

"Zimakhala nacho," anayankha kalaliki. "Ziwiri." Analemba mzere wautali pomwe fomu ya bambo a galimoto aja inali yopanda kanthu, nkuwerenga malikisi kawiri, nkutembenuza fayilo yaikulu ija. Kenako anaimirira, nkukweza mawu ngati akulengeza zotsatira za mayeso. "Nambala wani pa mabanja ovutikitsitsa onse, banja la Atelala!"

A pabenchi anaomba m'manja. Mayi wa siketi yobiriwira mpaka anati zikomo Ambuye.

Atelala anadumpha. "Shhh! Mukufuuliranji?"

"Lamulo likuti tizilengeza."

"Ovutikitsitsa? Ine? Nditavala chonchi?"

Kalaliki anatsegula dirowa nkutulutsa kiyi wokhala ndi kapepala kachikasu. Anamuika pakati pa desiki, pambali pake nkuika tsamba lomaliza la fomu.

"Zipinda zitatu, mpopi panja. Sainani apa mutenge."

Dzanja la Atelala linanyamuka lokha, linali litagwira kale bolopeni. Kenako maso anagwera pa mawu omwe anali pansi pa mzere.

"Apa palembedwa chani?"

"Wolandira thandizo."

Bolopeni inagwa.

"Sindisaina."

"Bambo, kwatsala mphindi khumi."

"Olo itatsala imodzi. Dzina langa limalembedwa mkati mwa makolala a masuti, osati pansi pa mawu amenewo. Ndiitane mkazi wanga adzasaine, wovutikayo ndi iyeyo."

"Afika isanakwane folo?"

"Ndi mapazi otupa aja? Mwina Lachinayi."

"Ndiye kiyi apita kwa nambala thuu."

"Kwa bambo woyembekezera uja?!"

"Ndi amene akutsatira."

Atelala anazungulira mpando kamodzi. Anayang'ana kiyi, kiyi anawayang'ana. Kenako nkhope inawala ngati apeza njira yotulutsira jekete mu nsalu ya thalauza.

"Mwana wanga, ndikufunseni. Ikakwana folo kiyiyu akadali padesikipa, abwana anu atani?"

"Andikalipira."

"Ndiye kiyiyu ndi vuto kwa inu."

"Akakhala pano, eya."

"Ine ndikamuchotsa, ndathandiza ndani?"

Kalaliki anaganiza. "Ine."

"EHEE!" Anatembenukira kubenchi, manja m'mwamba. "Mwamva nonse? Mwanayu ali pamavuto, akupempha thandizo langa. Ine mwana wa munthu akuvutika sindingamusiye." Anabwerera padesiki. "Mzere winawu ndi wa chani?"

"Wopereka thandizo. Ndi posaina ine."

"Iyayi. Wopereka thandizo ndine. Inu sainani pa wolandira."

"Bambo, mukutsimikiza?"

"Ndinakhalapo wosatsimikiza?"

Anasaina dzina lawo lalitali lokhala ndi mchira wopindika pa WOPEREKA THANDIZO. Kalaliki anasaina pa WOLANDIRA THANDIZO, nkupumira chidindo, nkumenya phaa. Atelala anatambasula dzanja kuti atenge kiyi.

Kalaliki anali atamutenga kale.

"Zikomo kwambiri bambo."

"Musadandaule mwana wanga. Tabweretsani."

"Chani?"

"Kiyi."

"Kiyi ndi wa wolandira thandizo." Analoza ndi rula. "Wolandira ndine. Mwandisainitsa nokha." Anaponya kiyi m'chikwama nkuchikoleka paphewa. "Wopereka thandizo amatsala padesiki. Gwirani rula. Wotsatira ndi mayi a siketi yobiriwira, muyambe ndi muli bwanji."

Nkutuluka. Kutuluka ndithu kkkkk. Atelala anatsala ataima, rula kudzanja, akuseka okha.

"Hehe. Ndi nthabwala. Ana a masiku ano."

Nsapato zinkamveka ko ko ko mukhonde, zikupita.

"Mwana wanga? Mwaiwala kubwerera!"

"Zipinda zitatu," mawu anamveka chapatali. "Chimodzi ndizigona, china ndiikamo nsapato, chinacho ndiziona mmene ndadzukira."

Mayi wa siketi yobiriwira analowa nkukhala pampando bwinobwino, chikwama pamiyendo. "Ndifunseni Atelala, ine ndakonzeka. Zanga zonse ndi kwambiri."

Apa nde Atelala anaiwala suti. Anathamanga, chingwe cha bolopeni chinakola batani la jekete nkulithothola, sanatole nkomwe. Anadutsa benchi yonse, anthu akukweza mapazi, nkufika pakati pa khonde pomwe mawu amamveka maofesi onse.

"IMANI! Ndikuvutika!"

Kalaliki sanacheuke. "Ndani?"

"INE! Ineyo mwini wake, telala!"

"Bwanji?"

"KWAMBIRI! Sindinagone chogona milungu isanu! Miyendo iyi sindikuimvanso! Ndimalankhula ndi chidole! Sutiyi ndi chovala chokhacho chomwe chinapulumuka, mkatimu mulibe olo shati, ndi kolala yokha ndinasokerera ku tayi! Ndithandizeni chonde, KWAMBIRI!"

Zitseko za maofesi ena zinatseguka, mitu nkusuzumira. Kalaliki anaima pamwamba pa masitepe. Anatsegula chikwama modekha nkutulutsa tsamba lina losainira, latsopano, ndipo m'chikwamamo munali mulu wake wonse. Tsamba la chidindo lija analing'amba pakati.

"Apa bambo. Pa wolandira."

Atelala anatsamiritsa pepala kukhoma nkusaina msangamsanga, opanda mchira. Kiyi anagwera m'dzanja mwawo, iwo nkumufumbata ndi manja awiri akupuma wefuwefu.

Kalaliki anayang'ana kumbuyo komwe anachokera, nkuyang'ana kutsogolo, ngati akuyeza mtunda. Anakonza magalasi.

"Mwachitako bwino bambo," anatero. "Azibambo ambiri amafuula ndikafika kale pageti."